Nyengo Imene Ndinkathira Mchere

Mchere wathu tinkasunga m'mbale ya asilikali, ija ya makona anayi yokhala ndi chogwirira chopinda. Inali ya atate. Itapindika pakona limodzi anapatsidwa ina yatsopano, ndipo yakaleyo anabwera nayo kunyumba, amayi n'kuiika pashelefu ya kukhitchini, pamene mwana sakanafikira popanda kukwera pampando. M'kati mwake munkakhala kasupuni kothyoka. Mcherewo unali wamiyala, wotuwa, umene unkanyowa wokha mvula ikayandikira. Mpaka lero ndimamva m'mano kulira kwa kasupuni kaja kakamakanda pansi pa mbaleyo.

Tinkakhala m'kampu ya asilikali muno mu Lusaka, m'nyumba zondondozana zimene tinkazitcha malaini. Zonse zinali zofanana, khomo kuyang'anana ndi khomo, mpopi umodzi pakati, moti mayi akakazinga tinsomba ta kapenta laini yonse inkadziwa kuti wathira tomato kapena ayi. Atate anali kopolo m'batalioni ya asilikali oyenda pansi. Ine ndinali mwana woyamba, wa zaka ngati zisanu ndi zinayi, ndipo pambuyo panga panali mlongo wanga wamng'ono amene anali asanayambe sukulu. Nyengo imene ndikufuna kunenayi inayamba dzuwa likuwotcha, inatha mvula itagwa. Pakati pakepo tinataya atate, nyumba, ndi mlongo wangayo, ngakhale kuti iye sanafe.

Mbiri ya batalioni tinkaidziwa kuposa nkhani za m'Baibulo. Aphunzitsi athu a pasukulu ya m'kampu anali mwana wa msilikali, ndipo masana kukatentha, masamu akakana kulowa, ankatseka buku n'kuyamba. Ankati batalioni inabadwa nthawi ya azungu, pamene anyamata ankatoledwa m'midzi n'kuphunzitsidwa kuguba opanda nsapato. Ankati agogo athu anakwezedwa sitima ya pamadzi n'kukamenya nkhondo m'nkhalango za kutali, kumene misundu inkagwa kuchokera m'mitengo, kumenyera mfumu imene sanaionepo nkhope. Ena anabwera ndi mamendulo, ena anabwera ndi chifuwa. Kenaka ufulu unafika, mbendera ya azungu inatsitsidwa, yathu n'kukwera, ndipo mabwana oyera anachoka mmodzimmodzi, mipando yawo n'kukhalapo anthu akuda ngati ife. Akafika pamenepa aphunzitsi ankamenya tebulo ndi rula.

"Batalioni sitaya munthu wake."

Ife tinkabwereza mokuwa, mpaka a m'kalasi ina kugogoda khoma. Tinkakhulupirira. Mwamuna aliyense wa m'malaini tinkamutcha amalume, mkazi aliyense amayi, ndipo ukalakwa unkakwapulidwa pakhomo lililonse limene wapezeka. Lero munthu akandiuza kuti pano ndife banja limodzi, ndimayamba ndayang'ana kumene kuli chitseko.

Dziko lathu linali kale pa ufulu, koma anansi athu a kutsidya la Zambezi anali akumenyerabe wawo. Anyamata awo ankhondo ankabisala kuno kwathu, choncho azungu a kumeneko anayamba kutumiza ndege kudzaponya mabomba ndi kugumula milatho. Nkhondo sinali yathu, koma inkadutsa pamwamba pa madenga athu. Kusukulu tinakumba maenje ataliatali kuseri kwa zimbudzi. Aphunzitsi akaimba wezulo tinkathamangira m'menemo, kugona chafufumimba, zala m'makutu, kamwa yasa. Dothi lake linali lotentha ngati lochokera pambaula, ndipo linthumbu linkatiluma m'miyendo. Tinkaseka mpaka kutsamwa.

Batalioni inanyamuka m'mawa wina maluwa a jakaranda atadzaza mumsewu. Malole okutidwa ndi matenti anandandalika pabwalo la perete, fungo la dizilo ndi polishi wa majombo lili ponseponse. Kumene ankapita sitinauzidwe. Ankangoti kumalire.

Moyang'anana ndi nyumba yathu munkakhala ba Sajeni, munthu wa kumpoto kumene amati ba m'malo mwa a, wamtali, wa mpata m'mano. Iwo ndi atate analowa usilikali pamodzi, ndipo ankadyera mbale imodzi kuyambira ali anyamata ometedwa mpala. Akazi awo ndiwo ankandiluka tsitsi Loweruka lililonse, mutu wanga uli pakati pa mawondo awo. M'mawa umenewo ba Sajeni anaima pakhomo pathu, chikwama kumsana, n'kuuza amayi moseka kuti asadandaule, kamunthu kawo aka adzabwera nako ndiwo, ngakhale kukhale kokanyamula pamutu. Atate anawatukwana mwachinansi, anandigwira khutu pang'ono monga ankachitira, n'kupita.

Patapita masabata angapo ndinabwera kuchokera kusukulu n'kupeza chitseko chathu chotseka masana. Akazi a ba Sajeni anali atakhala pasitepe ngati mlonda. Anati amayi akupumula, ine ndi mlongo wanga tipite kwawo. Kumeneko anatipatsa tiyi wamkaka ndi mabanzi, dzuwa lili pamutu, chinthu chimene sichinkachitika ngakhale pa Khirisimasi. Madzulo kunabwera azakhali, alongo awo a atate, amene ankagulitsa nsalu kumsika wa ku Kamwala. Anagona kwathu. M'mawa mwake, ndikupita kukataya madzi, ndinawaona awiriwo, azakhali ndi akazi a ba Sajeni, akulowera kutchire la kuseri kwa waya wa kampu. Mmodzi anabisa khasu m'chitenje, winayo anafungata kamtolo kakang'ono ka nsanza. Atabwera ndinafunsa. Anati ana safunsa.

Ndinadziwa ndili wamkulu kuti amayi anali ndi pathupi pa miyezi yochepa, posaoneka, ndipo tsiku limenelo anapita padera. Zotere kwathu zimaikidwa ndi akazi okha, popanda kulira, popanda kuuza anthu. Odziwa anali atatu basi: mwiniwake, ndi awiri aja anapita ndi khasu.

Asanabwerere ku Kamwala, azakhali anandiitanira kukhitchini. Anatsitsa mbale ya mchere, n'kuiika pansi pamene ndikanafikira. Anati kuyambira lero wothira mchere m'ndiwo ndine, chifukwa manja a amayi akudwala, ndipo zidzakhala choncho kufikira atate atabwera. Anandigwira dzanja n'kundionetsa muyeso: m'masamba kasupuni kosadzaza, m'nyemba kodzaza. Amayi anali chigonere pamphasa, akumva zonse.

Ana a masiku ano sadziwa zimenezi, choncho ndinene. Kwathu mkazi amene wapita padera sathira mchere m'chakudya mpaka mwamuna wake atabwera n'kulongosola za m'nyumba. Akathira, amati adula anthu: odyawo amatupa miyendo, amagwidwa chifuwa, mwina kufa kumene. Koma lamulo lomwelo limagwiranso mkazi amene wagona ndi mwamuna wina wake ali paulendo, ndipo ameneyo amati amadula mwamuna wakeyo ngakhale ali kutali. Wina ndi wachisoni, wina ndi wolakwa, koma kwa munthu woonera pakhomo onse amaoneka chimodzimodzi. Onse amaitana mwana kuti adzathire mchere.

Ine ndinkanyada. Ndikusewera chiyato ndi anzanga pafupi ndi mpopi, amayi ankatulutsa mutu pazenera n'kuitana kuti ndibwere ndidzathire. Ndinkasiya miyala, kupukuta manja m'diresi, n'kuyenda mosathamanga kuti onse aone kuti kwathu ndiwo sizipsa popanda ine. Nthawi zina ndinkatapako pang'ono m'kapepala, n'kukadyera mango aawisi kuseri kwa sukulu, mano kuchita dzanzi. Amayi a pampopi ankamva kuitanako. Masiku oyamba sanalabadire, poti mkazi aliyense amakhala ndi masiku ake pamwezi amene amapumula kumchere. Koma mwezi unatha, wina n'kuyamba, ine ndikuthirabe. Mayi wina wa kumapeto kwa laini, akuchapa, anandifunsa mokoma ngati ndikali kuthira ndine. Ndinati eya. Anati ndine mwana wanzeru. Anapitiriza kufikisa malaya, koma anzake awiri anayang'anana.

Kuyambira pamenepo munthu wondifunsa mokoma ndimamuopa kuposa wondikalipira.

M'malaini munali chinthu chimodzi chimene aliyense ankachidziwa. Kagalimoto kobiriwira ka mabwana kakalowa mothamanga, ndiye kuti kakudutsa. Kakalowa pang'onopang'ono, akazi onse ankatuluka n'kuima m'makomo, manja kumbuyo, kudikira kuti kaime pa yani. Tsiku limenelo kumwamba kunali kutada ndi mitambo yosagwa, ndipo kanaima pa ife. Anatsika a Kaputeni ndi abusa a asilikali. A Kaputeni anavula chipewa n'kuchipana m'khwapa. Ananena kuti atate afa pa ntchito ya dziko, ndipo kuti boma lidzaona za bokosi ndi chakudya cha pamaliro. Amayi anafunsa kuti afera kuti, afa bwanji. A Kaputeni anabwereza mawu omwewo, ngati munthu wowerenga pakhoma. Madzulo ake wailesi inanena kuti asilikali athu apirikitsa adani. Za akufa sinatchule.

Bokosi linabwera lokhomedwa misomali, lokutidwa ndi mbendera, asilikali awiri ataima uku ndi uku ndi mfuti. Ba Sajeni anabwera nalo, dzanja lawo lamanzere lili m'bandeji. Abale a atate anafika pa basi kuchokera kum'mawa, patsogolo pawo pali agogo, amalume awo a atate, amene anali mkulu wa banja lonse. Agogowo anapempha kuti aone nkhope ya mwana wawo. Kwathu munthu saikidwa abale asanamuone, asanamusambitse, asanadziwe chimene chamutenga. Anawakaniza. Anapemphanso, atavula chipewa, kwa mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wawo. Anawakanizanso, mwaulemu. Kumanda lipenga linalira, mfuti zinaombedwa kumwamba, mbalame zonse n'kubalalika m'mitengo. Ine ndinayang'ana anzanga a kusukulu kuti ndione ngati aona.

M'mawa mwake, asilikali asanadzachotse tenti ya maliro, abale anakhala pansi kukamba nkhani monga mwa mwambo. Amuna anali pamabenchi, akazi pamphasa, amayi pakati atafunda chitenje kumutu. Akazi a m'malaini anadzaza kumbuyo, ena ataima. Ba Sajeni anapatsidwa mpando patsogolo monga mnzake wa malemu, ndipo akazi awo anakhala pansi pafupi ndi miyendo yawo.

Agogo anati iwo abwerera kumudzi, ndipo kumudzi adzafunsidwa kuti mwana wafa ndi chiyani. Adzayankha kuti chiyani? Ndiye azakhali anayamba, motsitsa mawu, ngati munthu amene sakufuna. Anati chikanakhala chipolopolo akanationetsa, poti bala la msilikali si chinthu chochititsa manyazi. Chimene amabisa m'bokosi ndi thupi lotupa. Anati iwo sakunena munthu, koma pali zimene amva pampopi. Kenaka anandiitana ndi dzina langa lachibwana, limene ankanditcha akafuna kundipatsa switi.

"Tawauza agogo ako, mama. Masiku onsewa, ndani wakhala akuthira mchere pakhomo pano?"

"Ine," ndinatero. Ndinawonjeza kuti m'nyemba ndimathira kodzaza.

Pa yankho limenelo sindipepesa kwa munthu. Ndinali mwana, ndinafunsidwa, ndinanena zoona. Wofunika kupepesa ndi amene anafunsa akudziwa kuti mbale ija anaitsitsa pashelefu ndi dzanja lake.

Kumbuyo kunamveka kung'ung'udza. Amayi anavundukula kumutu. Nkhani ya kupita padera sinenedwa pamaso pa amuna, koma anainena, maso ali pansi. Anati alamu awo omwewa ndiwo anawalamula kusiya kuthira mchere, ndipo ndiwo anakataya kamtolo kaja. Azakhali anagwira pachifuwa n'kunena kuti iwo anabwera kudzaona wodwala malungo, mimba sanaione. Anati ngati inalipo, ndiye mwina tifunse kuti inali ya yani. Amayi anatembenukira kwa akazi a ba Sajeni n'kuwatchula. Mayi aja, amene zala zawo ndinkazidziwa m'mutu mwanga, anayang'ana amuna awo. Amuna awo sanawayang'ane. Mayiwo anayamba kutola timiyala pamphasa.

Pamenepo amayi anachita chimene sindinawaonepo akuchita kwa munthu wina aliyense. Anayenda ndi mawondo kuchoka pamphasa mpaka pa majombo a ba Sajeni.

"Ba Sajeni, munali komweko. Za ine zisiyeni. Nenani chabe chimene chinapha mnzanu."

Ba Sajeni anayang'ana dzanja lawo la bandeji. Anayang'ana kumsewu, kumene kunaima kagalimoto kobiriwira, a Kaputeni ali m'kati akudikira tenti.

"Ba mulamu," anatero, "za nchito sitikamba."

Agogo anavala chipewa. Kwa iwo nkhani inali itatha. Ngati mnzake weniweni wa malemu wakana kunena kuti chinali chipolopolo, ndiye kuti sichinali chipolopolo.

Zotsatira zinayenda mwamsanga, ngati zinakonzedwa kale. Makina osokera a amayi, wailesi, bedi, mipando, mpaka mbale ija ya asilikali, zonse zinatulutsidwa panja kuti abale a atate atenge. Mchere umene unali m'menemo azakhali anaukhuthulira mu ngalande, n'kutsuka mbaleyo ndi phulusa. Atate anali Mngoni ndipo anapereka ng'ombe, choncho ana tinali a kwawo. Agogo anati mnyamata sangaleredwe ndi mkazi amene wadula bambo wake. Za ine azakhali anati ndikhale, poti ndazolowera kale za amayi anga. Mlongo wanga anamuuza kuti akukakwera basi. Anavala nsapato zake yekha, phazi ili nsapato ya phazi ilo, n'kutuluka akudumpha. Amayi anamugwira malaya. Abale a atate anawamasula zala chimodzichimodzi, amalume onse a batalioni ali chiimire ndi zingwe za tenti m'manja. Wina wa iwo ananena kuti za m'banja asilikali salowerera.

Mlongo wanga anakulira kwa azakhali, akuwatcha amayi. Anakula akudziwa kuti amene anamubala anapha atate wake. Amayi anakhala moyo wawo wonse wotsala ku Kabwata, muno mu Lusaka, akugulitsa tomato ndi kapenta pamsika. Sanakwatiwenso. Mbiri imayenda ndi minibasi, ndipo inafika kumsika iwo asanapeze n'komwe pokhala. Panali akazi ena amene mpaka kukalamba sankagula mchere pa tebulo lawo. Mwana wawo wamwamuna anabwera pamaliro awo, anakhala kumbuyo, anachoka asanadye.

Chaka chathachi mdzukulu wanga anabwera kwathu ku Chelstone ndi nkhani yoti asilikali akale a batalioni ija akukumana ku Woodlands kudzakumbutsana mbiri yawo, ndipo ana a malemu akuitanidwa. Ndinakana. Anaumirira, akuti ambuya tiyeni mukamve za atate wanu. Ndinapita, koma ndinakhala pampando wa pafupi ndi khomo, chikwama chili pamiyendo, ndipo chakumwa chimene anandipatsa sindinatsegule.

Munali nkhalamba zovala majekete, mamendulo akulira pachifuwa. Bwana wina wopuma, amene anati amakhala ku Kabulonga kwa anthu olemera, anafotokoza mbiri yonse, yomwe ija ya aphunzitsi: opanda nsapato, sitima ya pamadzi, mbendera. Anafika pa nkhondo ya anansi athu n'kunena kuti batalioni inapereka magazi kuti ena amasuke, ndipo sinatayepo munthu wake. Kenaka anati pali mmodzi amene anaona ndi maso. Anamuthandiza kuimirira. Anali atawerama, ndodo m'manja, mano ambiri atatha, koma mpata uja ndinauzindikira.

Ba Sajeni analankhula bwino. Zinkaoneka kuti nkhaniyi aikamba kambiri, poti ankadziwa poima kuti anthu apume. Anati anali kulonda mlatho. Anati mahelikopita anabwera m'mawa, motsika, kutsata mtsinje, tiyi akali pamoto. Anati anyamata ambiri anali osavala n'komwe majombo. Ndiye kopolo wina, mnzawo wa pamtima, anathamangira pa mfuti yaikulu n'kukhala pomwepo akuombera kuti anzake afike m'mabango. Anatchula dzina la atate. Anati chimene chinawagwera chinawadula pakati, ndipo iwo ndiwo anawatola ndi manja awa, n'kuwakulunga m'bulangeti. Anakweza manjawo kuti tiwaone. Anthu anaomba m'manja, ena akupukuta misozi. Wolengeza anafunsa ngati muli wa banja la kopolo ameneyu kuti aimirire. Mdzukulu wanga anandigwedeza. Ndinamuponda phazi.

Anthu atayamba kudya ndinapita pamene anakhala. Ndinadzitchula kuti ndine mwana uja wa nyumba yoyang'anana ndi yawo. Anakondwa, anafuna kundikumbatira, anafunsa za ba mulamu. Ndinati anamwalira kale. Ndinawafunsa kuti zimene anena lerozi, za mlatho ndi bulangeti, zinawavuta chiyani kuzinena pansi pa tenti paja.

"Mwana wanga, linali lamulo. Boma silinkafuna adani adziwe kuti atipweteka."

"Nanga lamulolo linatha liti?"

Anaganiza, akutafuna. Anati kunena zoona palibe amene anabwera kudzawauza kuti latha. Anangoona anzawo ayamba kukamba m'mabala a mowa, nawonso n'kuyamba. Ndinafunsa ngati pamene anayambapo sanakumbuke njira ya ku Kabwata, poti lole imene inatisiya kumeneko anaitsogolera ndiwo. Munthu wina anabwera kudzawajambula chithunzi, ndipo anawongola jekete.

Madzulo ake ndinaimbira foni mlongo wanga n'kumuuza zonse, mahelikopita, mfuti, mabango. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anati ndi zabwino kudziwa kuti atate anali ngwazi. Ndinati sindinamuimbire za atate. Anati zakale izo, achemwali, tizisiye.

Koma ndibwerere ku tsiku lomaliza la nyengo ija, poti ndilo limandivuta kuposa tsiku la tenti. Nyumba za m'malaini zinali za asilikali amoyo, ndipo panali kale banja lina lodikira yathu. Tinapatsidwa masiku ochepa. Mvula yoyamba inali itagwa, mapiko a inswa ali mbwee pakhonde, dothi likununkhira. Lole ya asilikali inabwera kudzatinyamula kupita kwa amalume, alongo awo a amayi, ku Kabwata. Inali lole yaikulu, yotha kunyamula gulu lonse la amuna ndi mfuti zawo, ndipo katundu wathu anali mphasa, mbaula, mapoto awiri ndi mtolo wa zovala. Anangodzaza kakona.

Ba Sajeni ndiwo anayang'anira zonse. Anakalipira anyamata kuti agwire bwino mbaula. Anatsegula chitseko cha kutsogolo n'kuuza amayi kuti akhale pa khushoni, kumbuyo kuli madzi. Amayi anawadutsa ngati adutsa mtengo. Anapinda chitenje, anaponda pa tayala, n'kukwera okha kumbuyo, dzanja limene anawapatsa lili lendelende m'mwamba. Akazi a ba Sajeni anabwera ndi mabanzi m'pepala, maso ali ofiira. Amayi anayang'ana kumbali. Ndinalandira ndine, ndi manja awiri, n'kugwada.

Ndiye ba Sajeni anandinyamula m'khwapa ndi dzanja lawo labwino n'kundikhazika kutsogolo, pakati pa iwo ndi dalaivala. Ndinali ndisanakwerepo kutsogolo kwa galimoto iliyonse. Mpando unali wofunda, unkanunkha fodya ndi mafuta. Kuchokera pamwamba pamenepo malaini ankaoneka ang'onoang'ono, ndipo anzanga a chiyato anathamanga m'mbali mwa lole akuitana dzina langa. Amayi a pampopi anaima m'makomo. Ndinawabayibitsa onse. Pageti msilikali anakweza mtengo wotchinga n'kuchita sailuti, ndipo ba Sajeni anati ndibwezere. Anandionetsa mmene amaikira zala.

Kumbuyo kwa mpando kunali kawindo kakang'ono ka galasi. Ndinagwada pampando n'kugogoda kuti amayi aone mmene ndikuchitira. Anali atakhala pa mtolo wa zovala, msana uli kwa ine, madzi a pa tenti ya lole akuwadonthera paphewa, osasuntha. Ndinagogodanso. Msewu wonse mpaka ku Kabwata ndinkadya banzi ndi kudabwa. Anthu atipatsa lole yonseyi, atipatsa mabanzi, atichitira sailuti. Ndinkati tikafika ndiwauza amayi kuti anaiwala kuthokoza.